Anabisa nkhope yanga, anaiwala dzanja

Ine si munthu wokamba zambiri, ndipo nkhani zopeka sindizitha. Izi zinandichitikira ndithu, pompano pamseu waukulu pomwe ndimamata matayala.

Dzanja langa lamanzere lili ndi zala zitatu. Ziwiri zinapita kalekale tayala la lole litandiphulikira, ndipo kuno ku Rufunsa, kuyambira madalaivala a minibasi mpaka amayi ogulitsa makala, palibe amene salidziwa dzanja limeneli.

Zaka zingapo zapitazo anthu ena anayamba kukumba golide kumtunda kwa kamtsinje komwe mudzi wathu umatunga madzi. Ankatsuka miyala yawo ndi mankhwala, madzi anasanduka matope okhaokha, mbuzi zanga zinafa, mkazi wanga anatuluka zilonda m'miyendo. Tinadandaula kumaofesi, kunali zii. Tonse tinkadziwa kuti kumbuyo kwa okumbawo kuli munthu wamkulu.

Tsiku lina kunabwera mtolankhani wa pa TV wochokera ku Lusaka, mayi wachitsikana, ndi mnzake wa kamera. Anthu onse anakana kukamba. Ine ndinavomera, koma ndinati ndisadziwike. Mayiyo analonjeza kuti abisa nkhope ndipo asintha mawu. Kenako anandipempha kuti ndikweze botolo la madzi aja kuti anthu aone, ine osaganiza n'kulikweza ndi lamanzere.

Nkhani inatuluka. Nkhope anaiphimbadi, mawu anali ngati a chule, mwakuti ngakhale mkazi wanga sakanawazindikira. Koma botolo lija linagwiridwa ndi zala zitatu, dziko lonse likuona.

Patapita masiku atatu, dzuwa lili paliwombo, panaima motoka yopanda nambala. Munatuluka amuna anayi, akuti tayala lakumbuyo likutha mphepo. Ndinalichotsa, ndinaliviika m'madzi, thovu silinatuluke. Nditawauza kuti tayala lili bwino, wamkulu wawo anaseka, nati ndiyang'anenso bwinobwino, popeza amva kuti ndine katswiri woyeza madzi. Awiri anandigwira mapewa, iye anatenga dzanja langa n'kuliyala pachitsulo, anawerenga zala mokweza ngati akuphunzitsa mwana, kenako anatola hamala yanga yomwe n'kundifunsa mwaulemu kuti ba mdala, munthu angamate tayala ndi zala zingati. Ogulitsa makala kutsidya kwa mseu onse ankayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Chinandipulumutsa ndi basi yopita ku Chipata yomwe inapatuka kudzapopetsa tayala, anthu odzaza m'mawindo. Anandisiya, wamkuluyo nati mseu uno amadutsamo tsiku lililonse.

Ndinamuimbira foni mtolankhani uja, ndipo ndinamukalipira monga sindinakalipirepo munthu. Anavomera kuti walakwa, maso ake anali pankhope pokha. Anati angathe kuichotsa nkhaniyo. Ndinakana. Kuichotsa kukanayeretsa madzi? Ndinamuuza kuti abwerenso, ndipo ulendo uno aonetse nkhope yanga ndi dzina lomwe, chifukwa ofuna kundipweteka ankandidziwa kale, amene sankandidziwa ndi okhawo amene akanafunsa za ine ndikasowa.

Anabweradi, ndi anzake a nyuzipepala ndi a wailesi. Ndinakamba zonse, za madzi ndi za hamala. Ataona ine, amayi a m'mudzi nawonso anakamba. Aboma anafika, kukumba pamalo paja kunaima. Motoka ija sinabwerenso, ngakhale mpaka lero ikaima iliyonse yamagalasi akuda, dzanja limathawira lokha m'thumba.

Manje chimene ndimakhulupirira ndi ichi. Atolankhani azisiyidwa akambe, chifukwa popanda mayi uja bwenzi tikumwabe madzi aja, ndipo voti yathu ikanangokhala inki pachala. Koma iwo akamaliza kujambula amakwera motoka kubwerera ku Lusaka, ife timatsala pomwepa, ndi anthu omwe tawatchulawo. Ufulu ndi wawo, koma zala zimene zinali pachitsulo zinali zanga.

Inu atolankhani, mukalonjeza kubisa munthu, muyang'aneni yense, chipsera, malaya, chitseko cha nyumba yake. Ndipo inu anzanga, kamera ikabwera kambani, musaope, koma muyambe mwadzifunsa chimene anthu a kwanu amakudziwirani. Ena sitidziwika ndi nkhope.