Chitsime cha Makheni Khumi ndi Awiri

Chaka chimenecho nyenje zidayamba kulira msanga. Pofika pakati pa Okutobala udzu wa m'dambo la kwathu, kuno ku Kabudula, udali utauma gwa, ndipo makande adang'ambika ming'alu yoti mwanapiye atagweramo simungamuonenso. Pa nazale yathu tidali titafesa mabedi atatu a fodya. Kwa amene sadalimepo fodya ndinene kuti mbande zili ngati mwana wakhanda, zimamwa m'mawa, zimamwa madzulo. Mukazimana madzi masiku awiri m'dzuwa lotere, chaka chonse chapita, chifukwa nthawi yofesanso imakhala itatha. Zovala za ana, feteleza wa chimanga, malata oti tichotse denga lathu lodontha, zonsezo zidali m'timasamba tobiriwira tija.

Madzi timatunga pa chitsime chimene amuna anga adakumba chaka chomwe adabwera pamudzi pathu kudzakhala chikamwini. Chidali chachifupi, munthu akaimirira mkati mutu umaonekera kunja. Zaka zonse chimatikwanira popanda kuchiganizira. Koma chaka chimenecho chidayamba kutiyezera. M'mawa timapezamo madzi odzaza makheni othirira khumi ndi awiri. Tikatunga pansi pamatsala matope, kenaka madzi amayamba kutuluka m'mbali pang'onopang'ono ngati thukuta. Madzulo timapezanso khumi ndi awiri. Bedi lililonse limamwa makheni anayi, ndipo dontho lotsala padalibe.

Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. M'mawa uliwonse tikafika pachitsime amavula chipewa, kuthokoza Mulungu chifukwa cha madzi a tsikulo, kenaka n'kuyamba kutunga. Ine ndimaima pambali kheni ili m'manja, maso ali kumwamba kosaonekera mtambo ngakhale umodzi. Ndivomere, ine ndidabadwa ndi mtima wa mawa. Ndikadya lero, chakudya sichitsika bwino mpaka nditadziwa komwe ndiwo za mawa zichokere. Ameni wanga pachitsime paja amatuluka ndi mano okha.

Zitsime za anzathu zidayamba kuphwa chimodzichimodzi. Choyamba chidali cha kumtunda kwa dambo, kenaka cha pafupi ndi nthochi. Chilichonse chikaphwa ndimaona kuti vutolo layandikira kwa ife ndi mapazi angapo.

"Abambo, kodi mukuona kapena mukungoyang'ana?" ndidawafunsa tsiku lina tikuthirira. "Tikumbe chitsimechi chitsike, madzi achuluke, tisungeko ena m'mgolo."

"Lero tathirira mabedi onse, eti?"

"Ine ndikunena za mawa."

Adaika kheni pansi. "Amayi, chitsime ichi chakhala pa mbale ya dongo. Madzi tikutungawa si a pansi penipeni ayi, agwidwa ndi dongolo. Pokumba ndidaligunda ndi khasu, ndidalekera pomwepo. Chonde musadzachikhudze."

Ndidangotsonya. Ndani adamvapo kuti chitsime chikatsika madzi amachepa?

Sabata yomweyo, pa mapemphero a pamlaga, iwo ndiwo adagawa Mawu. Adasankha nkhani ya ana a Israele m'chipululu, mmene Mulungu amawagwetsera mana okwanira tsiku limodzi, ndi mmene ena adabisira ena kuti adye mawa lake n'kuwapeza atachita mphutsi. Adati chisomo cha Mulungu sichisungidwa m'nkhokwe, munthu amadzuka kukachitola m'mawa uliwonse. Amayi onse adavomereza ndi mitu. Ine magazi adawira. Ndidaona ngati andivula pagulu, ngakhale dzina langa sadalitchule.

Pobwerera ndidalankhula mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi.

"Mukafuna kundilalikira muzindilalikira kunyumba. Ndiponso musaiwale, dambo lija ndi la kwathu. Inu mudalipeza."

Mkamwini samuuza mawu otere, ngakhale aliyense akudziwa kuti ndi oona. Amuna anga adangosintha dzanja lonyamulira Buku, tidafika kunyumba osalankhulana.

Patapita masiku atatu adapita ku Nambuma pa njinga, ku msonkhano wa akulu a mpingo wokonzekera Mgonero. Adati agona komweko, abwera mawa lake masana. Fumbi la njinga lisadakhazikike n'komwe, ine ndidali kale pakhomo pa mlongo wanga wamkulu. Mlongo wangayo ndi munthu woti palibe chimene sadziwa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma tsikulo ndimafuna munthu woteroyo.

"Alamu aja ndi amantha basi," adatero akunyamula mgwala ndi fosholo. "Madzi ali pansi. Mbale ya dongo ndiye chiyani? Tiyeni."

Ndidathirira kaye mabedi onse, chitsime chidatsala matope, mlongo wangayo adalowamo. Dzuwa lidali litafika pamutu. Mphepo padalibe, koma kamvulumvulu adadzuka kumtunda kwa dambo, adadutsa pakati pa nazale n'kuulutsa udzu wophimbira bedi limodzi. Chule wamkulu amene amakhala m'phanga la m'mbali mwa chitsime adatuluka, adakwera pamwamba, adalowera kuthengo dzuwa likuswa mtengo. Ndidamuona. Koma ndidati ine ndine Mkhristu, sindingaope chule.

Matope adatuluka, kenaka dongo lotuwa, lolimba, lomata ku fosholo. Timadzi tidayamba kusonkhana m'mapazi mwawo mpaka m'kakolo.

"Mwaona?" adafuula ali pansi. "Akubweratu awa!"

Adakweza mgwala ndi manja awiri n'kuugwetsa. Ulendo woyamba udagunda. Wachiwiri udagunda. Wachitatu udangolowa wonse mpaka m'manja ngati abaya dzungu lowola. Atauzula ndidamva kaphokoso kamene sindidzaiwala, konga ka munthu akumwa phala lotentha. Madzi adayamba kuzungulira pa bowo paja. Tikuyang'ana choncho, m'kakolo mudauma, zala za kumapazi zidaonekera. Kunsonga kwa mgwala kudali mchenga woyera, wouma.

"Tingopitiriza, enieniwo ali patsogolo," adatero, koma mawu adali atachepa. Adakumbanso pang'ono. Mchenga wokhawokha. Kenaka adatuluka, adapukuta manja, adati akaone mbuzi zisalowe m'dimba la eni. Sadabwerenso.

Ndidakhala pamphepete pa chitsime mpaka mthunzi udatalika. Madzi amatuluka m'mbali monga mwa masiku onse, amatsetsereka, n'kulowa m'bowo muja. Mulungu sadaleke kupereka. Ine ndidali nditaboola mbale yolandirira. Nthawi yothirira itakwana ndidapala ndi chikho, ndidapeza theka la kheni la madzi amatope. Ndidaima nalo pakati pa mabedi atatu osadziwa poyambira.

M'mawa mwake ndidalawirira ndi chiyembekezo cha chitsiru. Chitsime chidalibe ngakhale dontho. Ndidathamangira ku mjigo wa pasukulu, koma kumeneko mzere udali wautali, ndipo lamulo lidali loti madzi a pamjigo ndi akumwa, osati a fodya. Adandilola ndowa imodzi. Pomwe ndimafika nayo kudambo, mbande zidali zitagona, timasamba titapinda ngati makutu a galu wodwala. Ndidachita mantha enieni.

Belu la njinga ya amuna anga ndidalimva cha m'ma thwelofu. Zikuoneka kuti ana adali atawauza kale panjira, chifukwa sadadzere kunyumba. Adatsamiritsa njinga ku mtengo, adakali m'jekete la ku msonkhano, adasuzumira m'chitsime nthawi yaitali. Ndidakonzeka kulandira mawu. Ndimafuna andikalipire, kuti nanenso ndipeze poyankhira.

"Mwaboola," adatero chabe.

Adavula jekete ndi nsapato. Adanditumiza kunyumba kukatenga khasu, dengu ndi munsi. Pafupi ndi dambo pali chulu chachikulu, ndipo masana onsewo tidagumula dothi lake, kulikanda ndi ndowa ya madzi ija imene ndidatengera mbande. Kuona madzi omaliza akuthera m'dothi mbande zikufota kudandipweteka. Iwo adalowa m'chitsime, ine ndimawapatsira. Adatseka bowo, adasinja ndi munsi, adathiranso dothi lina, adapondaponda mpaka lidalimba. Atatuluka dzuwa lidali litapendeka.

"Chigwira?" ndidafunsa.

"Sindikudziwa. Chigamba si nsalu." Adatola chipewa pansi koma sadachivale. "Lero pempherani ndinu, amayi."

Ine amene pa misonkhano ya amayi ndimapemphera mpaka anthu kusintha mwendo, tsiku limenelo mawu adandithawa. Ndidatsinzina, ndidangoti, "Atate, ndalakwa. Tipatseniko a mawa m'mawa okha." Ndidalira pamenepo. Za mkuja sindidayerekeze kupempha.

Kutacha tidapita limodzi, iwo patsogolo ine pambuyo. Njira ya kudambo sidanditalikirepo chotero. Nditasuzumira ndidaona nkhope yanga pansi. Madzi adalimo. Tidayamba kutunga, tikuwerenga mumtima. Pa kheni yachisanu ndi chitatu chikho chidagunda matope.

Asanu ndi atatu. Mabedi atatu.

"Tigawe pang'onopang'ono onse amweko," ndidatero.

Adapukusa mutu. "M'dzuwa ili, tikagawa afa onse. Awiri amwe akhute." Adandipatsa kheni yodzaza, ndipo adalankhula motsitsa, popanda mnyozo, mwina zikadakhala bwino akadanyoza. "Dambo ndi la kwanu, amayi. Sankhani loti tilisiye."

Ndidasankha la kumapeto, lija kamvulumvulu adalivundukula, chifukwa ndilo lidafota kwambiri. Ndilonso limene ndidafesa ndekha ndi manja anga, limene mumtima ndimalitcha bedi la malata.

Mvula idachedwa masabata ena asanu. Masiku onsewo, m'mawa ndi madzulo, chitsime chimapereka makheni asanu ndi atatu. Sichidatsikepo pa asanu ndi awiri, sichidakwerepo pa asanu ndi anayi. Ulendo uliwonse ndimapita ndi mantha kuti chigamba chaphulika, ndipo ulendo uliwonse ndimapeza madzi akundidikira, ine yemweyo amene ndidaboola. Sindidawagwirire ntchito, sadandiyenere. Pemphero la pachitsime lija ndidayamba kulimva njala yake, moti tsiku limene amuna anga adachedwa ndidagwada ndekha pa makande ndisadatunge.

Koma njira yochoka pachitsime kupita ku mabedi awiri aja imadutsa m'mbali mwa bedi lachitatu. Kasanu ndi katatu m'mawa, kasanu ndi katatu madzulo, ndimadutsapo ndi madzi odzaza m'manja, mbande zikusanduka zachikasu, kenaka zofiirira, kenaka fumbi. Tsiku lina ndidapendeketsa kheni kuti ndidonthezepo pang'ono. Amuna anga adandiona. Ndidaiwongola ndekha.

Mvula itagwa tidawokera fodya wa mabedi awiri, mbali ina ya munda idatsala yopanda kanthu. Dzinja lonselo denga lidadontha pamalo pomwe paja, ndipo beseni ndimaikapo ndine, osadandaula. Papita zaka, mvula yakhala ikugwa bwino, zitsime za anzathu zidadzazanso. Chathu chikafika mu Okutobala chimapereka asanu ndi atatu. Pa khumi ndi awiri sichidabwererenso.