Khoswe amene ndinamukonza ngati ndiwo

Linali Lachitatu, 10 koloko m'mawa, sabata yanga yoyamba pa ntchito yosesa mu labu ya sukulu ina ku Katondo. Panali patangopita miyezi iwiri amuna anga atamwalira, ndipo ana anga ankadalira ntchito imeneyi.

Aphunzitsi a sayansi, a Mulenga, anandipatsa khoswe woyera wakufa ali pa thireyi. "Ba mayo, mukonzeni uyu. Bana babwela manje manje," anatero, kutanthauza kuti ana a sukulu afika posachedwa.

Ine kwathu ndi ku Chipata. Kumeneko akati konza mbewa, sufunsa kawiri. Ndinamutumbula, zam'mimba zonse n'kutaya m'bini, n'kumutsuka bwinobwino. Chinangotsala ndi mchere basi.

A Mulenga atalowa ndi ana a sukulu, anakanula mimba ija n'kupeza mulibe kanthu. "Nanga vamukati vili kuti?"

Ndinaona ntchito ikundipulumuka. "Anabwera choncho, aphunzitsi," ndinatero. "Mwina anali wodwala."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. A Mulenga anasuzumira m'bini, kenako anayang'ana ine, ndipo ndinagwetsa nkhope. Anatola matumbo aja ndi kachitsulo, n'kuwatembenuza uku ndi uku. Sanali obooka pena paliponse.

"Kwanja kwanu kuli bwino," anatero poyamikira luso la dzanja langa. "Mailo tikachite pamodzi. Koma osataya." Ponena kuti mailo ankatanthauza mawa lake.

Bodza lija limandichititsabe manyazi, makamaka mawu akuti wodwala. Masiku ano ndine ndimatumbula makoswe kalasi isanalowe, ndipo mtima, mapapo, chiwindi ndi matumbo ndimazisiya m'malo mwake.