Che Bashiri ndi Ludzu la ku Karibala

Amene anakulira ku Makokoba, komboni ya ku Bulawayo, akuwakumbukira Che Bashiri, telala wamfupi wa ndevu zowerengeka, amene sankaphonya mapemphero a swala ngakhale kugwe matalala. Anabadwira kufupi ndi Mangochi, m'banja losauka la Chisilamu. Ku madarasa anatolako masura ochepa okha a buku loyera, koma anatolanso mantha aakulu pa bodza. Mu 1924 iwo ndi akazi awo, a Sharifah, anauyamba wapansi kudzera ku Tete mpaka kufika ku Bulawayo.

Malo osokera anawapeza pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina mu msewu wa Lobengula. Mwini sitoloyo anali ndi bambo ake okalamba, a Ghulamu, Msilamu wa Chishiya. Mwezi wa Muharamu ukakwana, nkhalambayo inkavala zakuda n'kukhala pambali pa makina a Che Bashiri, ikusimba m'Chilapalapa chothyokathyoka, chiyankhulo chosakaniza cha kumeneko, za Huseini, mdzukulu wa Mtumiki, amene anaphedwa ku Karibala ndi abale ake adani atawatsekera njira ya kumtsinje. Che Bashiri ankalira mpaka kulephera kulowetsa ulusi pa singano.

Nkhaniyi anapita nayo kwa Asilamu anzawo a ku Nyasalande. Chaka ndi chaka ankaisimba pabwalo pawo, ataika mtsuko wa madzi pamsewu kuti wodutsa aliyense amwe. Pachimake pa nkhaniyo panali mwana wina wa m'misasa ya Huseini, amene ankati, "Baba, mungondinyowetsa milomo yokha, sindimwa ambiri." Akafika pamenepo, azibambo onyamula matumba ku njanji ankabisa nkhope m'zisoti.

Mu 1938 kunabwera mwalimu Khamis, munthu wophunzira ku Zanzibar, waulemu koma wa mafunso ngati wapolisi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawatengera pambali.

"Che Bashiri, mwasimba bwino. Koma munamva kwa yani?"

"Kwa a Ghulamu."

"Iwo anamva kwa yani? Paja oyamba kulemba nkhaniyi sanaliko ku Karibala, anachita kutolera kwa anthu. Akatswiri ena amawakhulupirira, ena amati ankathira mchere. Kuphedwa kwa Huseini palibe amatsutsa. Koma mawu a mwana aja ine sindinawaonepo m'buku lililonse. Kunamizira banja la Mtumiki si tchimo laling'ono."

M'mawa mwake Che Bashiri anakafunsa a Ghulamu. Nkhalambayo inati inamva kwa agogo ake ku India, agogowo kwa wolakatula wina amene dzina lake linaiwalika. Nanga mawu a mwana?

"Ana analira ludzu, basi," anatero a Ghulamu. "Mawu amenewo ndawamva kwa iwe."

Apa mutu unaima. Che Bashiri akanatha kulumbira kuti anawamva pakhonde lomwelo, a Ghulamu atagwira mkanda wawo wa tasibihi. Ankakumbukira ngakhale kamvekedwe kake. Tsiku limenelo munthu amene sanalakwitsepo muyeso anasokerera mkono wa malaya chadodolido, kawiri konse.

Anawamasula ndi a Sharifah, akupeta mpunga pakhomo. "Bambo a Kulsum, mukufunsa dziko lonse osandifunsa ine? Mawu amenewo ndi a Imedi wathu. Ananena ali kumsana kwanu, tsiku lija tinasowa madzi titadutsa Tete. Atatisiya panjirapo, munamukwirira ndi manja anu. Chaka chilichonse mukamasimba ndimadziwa kuti mukulira maliro a mwana wathu. Ndimaganiza kuti inunso mukudziwa."

Sankadziwa. Zinawapweteka kwambiri, ndipo zinawachititsa manyazi. Kwa zaka zoposa khumi anakhala akuika mawu a mwana wawo woyamba m'kamwa mwa mwana wa banja loyera, mtima uli mbee, osaona kuti akunama.

Kuyambira pamenepo anasiya kusimba. Mtsuko wa madzi ankauikabe, swala osaphonya, nsanda za amphawi ankadula ndi kukonza osalandira kanthu, koma Muharamu ikafika pabwalo pawo pankangoti zii. Anthu anawachonderera. Mwalimu Khamis yemwe, ataona zimene funso lake linachita, anabwera kudzawapepesa.

"Simbani zimene onse amagwirizana, zinazo muzisiye," anawalangiza.

"Yebo, mwalimu, ndamva. Koma ndidziwa bwanji pothera zoona? Ine wa dzulodzuloli ndinaikamo mwana wanga osadziwa. Nanga aja oyamba anaikamo ana awo angati? Komanso akanakhala anthu osalira, akanavutika n'kuisunga nkhaniyi? Ndiwakhulupirire chifukwa analira, kapena ndiwakayikire chifukwa analira?"

Funsoli Che Bashiri anayenda nalo zaka zisanu ndi zinayi, akufunsa shehe aliyense wodutsa pa Bulawayo, ndipo aliyense ankawayankha zake. Ankaopa kunama, ankaopanso kuti akangokhala chete ana a ku Makokoba adzakula osamudziwa Huseini.

Mu 1947 chifuwa chinawagoneka. Pa tsiku lakhumi la Muharamu, tsiku lokumbukira imfa ya Huseini, dzuwa litapendeka, anaitana mwana wawo wamkazi Kulsum, amene anaimva nkhaniyo ali wamng'ono ndipo anali nayo yonse pamtima.

"Uziisimba iwe," anatero. "Koma chilichonse uzinena kumene chachokera. Ichi amavomereza onse. Ichi ananena a Ghulamu, iwo anamva kwa agogo awo. Pamene sukudziwa uziti sindikudziwa."

"Nanga mawu a mwana aja, baba? Ndiwachotse?"

Che Bashiri anatseka maso, moti a Sharifah anawerama kuti aone ngati akupumabe.

"Ayi, usawachotse. Uzinena dzina la mwini wake. Uziti ananena Imedi mwana wa Bashiri, pa njira ya ku Tete, ndipo bambo ake anamva ndi makutu awo. M'nkhani yonseyi ndi pokhapo pamene ndingaimire umboni pamaso pa Mulungu."

Anatchula shahada, umboni wa chikhulupiriro chawo, pang'onopang'ono, natsamira pa mkono wa akazi awo, n'kupita mwamtendere. Mulungu awachitire chifundo, awakumanitse ndi mwana wawo.