Juzi Yoiwalika pa Geti

Ankawatchula kuti a Loko. Anakhala mlonda pa geti la sukulu ina ya pulayimale zaka makumi awiri, munthu wamtali ngati mlongoti, makiyi ali lendelende m'chiuno. Kale anali wosoka nsapato, koma maso atayamba kuchita chidima anasiya singano n'kuyamba zaulonda. Lamulo la sukulu ankalisunga ngati dzira: ngati dzina lako mulibe m'buku la ololedwa kuona mwana, sulowa, olo uvale tayi.

Tsiku lina m'nyengo yozizira kunafika mayi wina ali wefuwefu, chikwama paphewa.

"Bambo, ndabwera kudzaona mwana wanga wa sitandade 4. Ndimagwira ntchito kutali, patha zaka zitatu ndisanamuone. Basi yanga inyamuka masana ano."

A Loko anatsegula buku, nayendetsa chala. Pa dzina la mwanayo panalembedwa azakhali ake okha, amene anadzamulembetsa sukulu.

"Mayi, m'bukumu mulibemo."

"Anam'bereka ndi buku? Ululu ndinaumva ndine!"

"Sindikukana. Komatu chaka chatha kunabwera wina akuti ndi bambo wake wa mwana wina, nam'tenga. Mwanayo tinakam'peza patatha sabata."

"Ndiye ndiitanireni ahedi."

"Ahedi ali kumsonkhano, achiwiri awo apita nawo."

Mayi uja anaimbira azakhali aja kanayi konse, foni osayankhidwa. Anayamba kuzungulirazungulira, kusuzumira pampanda, kubwerera, kukhala pachikwama, kudzukanso. Nawonso a Loko mtima sunakhale m'malo. Buku atsegule, atseke, ayang'ane wotchi, akande m'mutu.

Kenaka anatsokomola pang'ono.

"Mayi, mwana akaiwala chinthu kunyumba, timamuitana kuti adzalandirire pageti pompano. Zimenezo n'zololedwa. Kaya wanuyo waiwala chiyani lero?"

"Palibe chimene wa..." Anawayang'anitsitsa, basi n'kuvula juzi imene anavala, n'kuipinda msangamsanga.

"Ehee, juzi! Ana amakono kuiwala, kuzizira konseku!"

Anakoka loko kuti atsimikize kuti ndi wotseka, nathamangira kukalasi, mawondo akudandaula. Anabwerako ndi kamtsikana kamiyendo yaitali. Katayandikira geti kanaima chilili, kenaka kanakuwa, "Amama!"

Geti silinatsegulidwe. Mayiyo anapisa manja pakati pa zitsulo, nam'veka mwana wake juzi ija, manja a juziyo akulendewera mpaka m'mawondo. Anam'konza kolala, nam'gwiragwira masaya, akufunsa mafunso khumi osadikira yankho. A Loko anawafulatira, akupondaponda pansi, maso ali ku ofesi.

"Mayi, juzi yalandiridwa. Basi ikusiyani."

"Pang'ono pokha, bambo."

Anawapatsa pang'ono pokhapo, nawonjezeranso pena. Potsiriza mayiyo ananyamula chikwama n'kuthamangira kudepoti, mikono ili pamtunda, mphepo ikum'kwapula, akucheuka pafupifupi sitepe iliyonse. Mwana anakakamira zitsulo za geti mpaka mayi ake atakhota pakona.