Mphumi zozizira za kuseri kwa msika wa Zobue

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chichewa, chinenero chomwe aphunzitsi ankatikalipira nacho tikachilankhula m'kalasi. Ndinali nditamaliza sukulu, ndikukhala kwa malume anga a Zakariya ku dera la 25 de Setembro, ku Moatize, n'kumaponya makalata ofunsira ntchito ku mgodi wa malasha ku Chipanga. Chimene mgodi unkanditumizira ndi fumbi lokha, pa zovala zoyanika. Kenaka korona anafika, malire anatsekedwa, ndipo tsiku lina malume anabwera kuchokera ku ulonda ali ndi nkhani.

"Rozita, kuli bungwe likufuna anthu a Chichewa chakupsa, azikaphunzitsa za matendawa ku Zobue, kwanu komwe. Akuti kuli othawa nkhondo osamva Chipwitikizi."

Ndinaona kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Amayi anga okha ndiwo sanasekerere. Iwo anakhalapo kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi ndisanabadwe, ndipo atamva za ntchitoyo anangoti, "Pita mwanangu, koma ife kumsasa munthu wa yunifolomu tinkamuyankha zimene akufuna kumva." Ndinaziyesa nkhani za makedzana.

Woyang'anira wathu anali namwino wamwamuna, a shefi Dumingu, munthu wosachedwa pa mawu. Anatipatsa kolete wobiriwira wovala pamwamba pa malaya, masikara otseka mphuno ndi pakamwa, mitanda ya sopo, botolo la klorini ndi chopimira kutentha kwa thupi. Chopimiracho aliyense ankachitcha pistola, chifukwa ndi mmene chimaonekera. Umaima patali, kutambasula mkono, kuloza pamphumi, kudina, chimalira kamodzi n'kuonetsa nambala. Ikapitirira 37 ndi theka chimalira kawiri n'kuwala mofiira, ndipo munthuyo umamukhazika payekha n'kuimbira a shefi. Anatiphunzitsanso kumanga mpondagiya. Umakoleka chigubu cha madzi pa mtengo wopingasa, n'kumanga chingwe kuchokera kukamwa kwa chigubu kufika pa kamtengo ka pansi. Ukaponda, chigubu chimapendekeka, madzi n'kutsika manja osakhudza kanthu. Dongosolo la pakhomo lililonse linali limodzi: anthu ayambe asamba m'manja, kenaka pistola, kenaka uthenga.

Ine anandipatsa mdadada wa zipinda za renda, zolipira pamwezi, kuseri kwa msika. Munkakhala mabanja a ku Congo ndi ku Burundi amene anachoka kumsasa wa ku Malawi akulowera kumwera, malire n'kuwatsekera pakati. Mapepala ambiri a iwo analibe. Chichewa anachitola kumsasa, cholemera lilime koma chomveka. Amene ankalankhulira onse anali mayi Furaha, telala wa makina opondera, ndipo amuna awo, bambo Baraka, ankasoka nsapato pakhonde.

Tsiku loyamba nditangokweza pistola, bambo wina wachikulire anatsinzina n'kuyamba kupemphera, azimayi n'kukokera ana m'zipinda. Ndinachita manyazi. Ndinadziloza ndekha pamphumi, ndikuseka kuseri kwa masikara, kuti aone kuti siipha. Anabwera mmodzimmodzi, koma maso awo sanali pa pistola. Anali pa kolete wanga.

Patangopita masiku, mdadada uja unasanduka chitsanzo. Pomwe a kumsika ankandinyoza kuti korona ndi matenda a azungu a kumgodi, awa sanatsutsepo kanthu. Ndikafika m'mawa ndinkapeza ali kale pamzere, motalikirana, masikara a nsalu kumaso, osokedwa ndi mayi Furaha. Pa mpondagiya ankasamba mpaka m'zigongono, n'kutsitsa masikara, kusukusula kumaso bwinobwino, ena kuthira madzi m'mutu, ngakhale inali nyengo ya chisanu ndipo chisanu cha ku Zobue sichiseka ndi munthu. A shefi atabwera kudzaona anandiyamikira pamaso pa anzanga. Ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse.

Chinayamba kundisautsa ndi manambala. Kumsika pistola inkanena 36 ndi kanthu, monga mwa munthu wamoyo. Kumdadada inkanena 35, nthawi zina 34. Ndinauza a shefi.

"Ndi chisanu, kapena mapilya atha," anatero. "Sintha."

Ndinasintha mabatirewo, manambala osasintha. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo, ndipo ndinayamba kuona zinthu zimene ndinkangozidutsa. Bambo Baraka anasowa pakhonde. Nditafunsa, akazi awo anati apita ku Tete kukafuna ganyu, koma bokosi lawo la zisongole ndi ulusi linali pomwepo, ndipo wosoka nsapato sapita ku ganyu manja lendelende. Chipinda chakumapeto chinali ndi loko kunja. Anati ndi mosungira makala, chonsecho ndinkawaona mayi Furaha akugula makala a m'timapepala kumsika. Ndikamaphunzitsa za kutsokomola m'chigongono, onse ankayankha "inde" pamodzi ngati kutchalitchi, wina n'kutsegula wayilesi mokweza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinayamba kuwayang'ana ngati akuba, iwonso n'kumandiyang'ana ngati kazitape, koma tonse tikupatsana moni wa ulemu.

Tsiku lovuta linabwera mwangozi. M'mawa mwake anandisunga pachipata cha msika chifukwa mnzanga wa pamenepo anadwala mano, choncho kumdadada ndinafika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene sankandiyembekeza. Chigubu cha mpondagiya chinali chouma, otunga madzi asanabwere. Mayi Furaha anali pa makina awo, nkhope youma. Atandiona anadzuka kulowera kumtsuko.

"Mayi, lero tiyambe ndi pistola," ndinatero.

"Ndisambe kaye, mwanawe. Si ndiwe unatiphunzitsa?"

"Musamba pambuyo."

Ndinaloza ndisanaganize kawiri. Inalira kawiri, n'kuwala mofiira. Wayilesi inali yotseka tsiku limenelo. Ndipamene ndinamva chifuwa kuchokera m'chipinda cha makala chija, chouma, chokoka, cha munthu amene mpweya ukumuthera pakati.

Zonse zinandifika nthawi imodzi. Madzi ozizira pamphumi ndiwo ankanamiza pistola, ndipo dongosolo lathu lomwe, loyamba ndi kusamba, ndilo linawapatsa nzeruyo. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkadzuka kusanache kuwabweretsera sopo, iwo n'kumandisandutsa chitsiru.

"Mutsegule chitseko icho," ndinatero.

Mayi Furaha anaima pakati pa ine ndi chitseko. Sanakweze mawu. "Iwe sunamve kanthu. Pita kwanu."

"Munthu akufa mmenemo."

"Ndiuze kaye. Amene pistola yamukana amapita kuti?"

"Kuchipatala."

"Akachoka kuchipatala?"

Anandiuza zimene mdadada wonse unkakhulupirira, kuti wodwala wopanda mapepala akangolowa m'manja mwa boma amaperekedwa kwa a migarasau, oyang'anira za olowa ndi otuluka, ndipo kenaka galimoto imabwera kudzatenga banja lonse kulibweza kumene linathawa. Palibe amene anaziona ndi maso, koma aliyense anali ndi mnzake amene anamva. Choipa n'chakuti inenso sindinkadziwa ngati zinali zabodza. Ndinali nditawaonapo a shefi akumwa tiyi ndi anthu a pamalire, ndipo sindinafunsepo kuti malipoti athu amathera pa tebulo la yani. Ndikaimba foni, mwina ndagulitsa mabanja onsewa. Ndikapanda kuimba, bambo Baraka afera mu mdima ndipo a moto m'thupi azingosamba kumaso.

Ndinavula kolete, kumupachika pa mpondagiya, n'kuimbira a shefi pamaso pawo, foni ili pokweza kuti onse amve.

"A shefi, wodwala wopanda mapepala tikamutengera kuchipatala, a migarasau amauzidwa?"

Anayankha kuti, "Ine sindiwauza, ndipo sindinawauzepo. Za pamsewu sindingakulonjeze. Ali bwanji munthuyo?"

Ndinkafuna akanati palibe vuto lililonse. Koma ndikuganiza kuti kusalonjezako ndiko kunatsegula chitseko, chifukwa mayi Furaha anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje.

M'chipindamo zenera linali lotsekedwa ndi nsanza kuti chifuwa chisamveke kunja. Bambo Baraka anali atatsamira khoma, milomo yotuwa, akupuma ngati munthu amene wangokwera phiri ndi thumba. A shefi anafika pa njinga yamoto, okha, opanda kolete. Anawapana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi, kuyang'ana, n'kutuluka panja.

"Akufunika okisijeni, ndipo kuno kulibe. Moatize, lero lomwe," anatero. "Akanayenera kubwera kale."

Mayi Furaha sakanapita chifukwa nawonso anali ndi moto. Anandigwira dzanja, chinthu chimene ndinkaletsa anthu tsiku lililonse. "Upite naye iwe. Maso ako akhale anga. Ukandinamiza, Mulungu akuona."

Ndinakhala kutsogolo kwa ambulansi yomwe a shefi anaitanitsa, mtima uli m'mwamba, ndikuyembekeza chotchinga cha apolisi. Titafika, woyendetsa anangotsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti, "Korona." Wapolisi anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, n'kutikupizira dzanja kuti tidutse msanga. Palibe amene anafunsa pepala, pamsewu kapena kuchipatala. Chimene anthu aja anabisira munthu mpaka kutuwa milomo, palibe amene anali nacho ntchito.

Nditabwerera ku Zobue mawa lake kuti ndikawauze zimenezi, ndinapeza zitseko zili pululu. Mabanja onse anali atachoka m'bandakucha kudzera njira za m'minda, kulowera ku Malawi, ena a iwo ndi moto m'thupi. Anatsala mayi Furaha ndi ana awo awiri. A shefi anayang'ana zipinda zopanda anthuzo n'kunena kuti, "Ndiye kuti tawamwaza." Kuyambira tsiku limenelo analamula kuti pistola iziyamba, madzi pambuyo, koma kumdadada kunalibenso anthu oti ayezedwe.

Mayi Furaha anachira. Amuna awo sanathe sabata. Anawaika ku Moatize anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, popanda wachibale, popanda nyimbo. Ine ndinaima kunja kwa manda, patali pomwe anandilola, ndikusunga m'mutu kuti dzenjelo lili pafupi ndi mtengo wa masau. Ndinalira, osati chifukwa ndinkawadziwa kwambiri, koma chifukwa panalibe wina woti alire.

Misewu itatseguka, mayi Furaha anakwera shapa, minibasi ya kuno, kubwera ku Moatize, ndipo ndinawaperekeza kumanda. Anaima pa mtumbira womwe ndinawalozera, wopanda dzina, udzu utamera.

"Unaona nkhope?" anafunsa.

"Ayi mayi, bokosi linali lokhomera."

"Ndiye ukudziwa bwanji kuti sanamupereke kwa a migarasau?"

Mkwiyo unandikwera. Ndinakwera ambulansi ija, ndinaima padzuwa pamanda pano, n'kumandifunsabe zimenezi? Koma nditafufuza m'mutu mwanga, ndinapeza kuti chimene ndinaona ndi bokosi, ndipo china chonse ndinangouzidwa ndi anthu a yunifolomu. Mayi Furaha anagwada n'kuyamba kuzula udzu.

"Ngati ndi wa wina," anatero, "nayenso ali ndi mkazi kwinakwake."

Ndinagwada, tinazula limodzi mpaka mtumbira unayera.

Korona atazilala bungwe lija linanditengera ku ntchito ya malungo ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndikuyendabe m'midzi ya ku Zobue ndi ku Kambulatsitsi. Ndisanatulutse chida chilichonse m'chikwama, ndimayamba ndauza anthu kumene wodwala amapita, amene auzidwe, ndi zimene ine sindingathe kulonjeza. Otsutsa ndi onyoza sandidetsa nkhawa, amenewo mtima wawo uli poyera. Koma ndikafika pakhomo pomwe aliyense akuyankha "inde" pamodzi, ndikumwetulira nawo choncho, maso anga amakhala akufunafuna chitseko chokhala ndi loko kunja.