Njere Zakuda za a Cacilda

A Julião si munthu wa phokoso. Anthu a m'mudzi mwawo, kunsi kwa phiri mukangotuluka m'tauni ya Milange, amawadziwa ngati mkulu wowonda woyenda choweramira pansi, amene moni wake ndi liwu limodzi. Anabadwira ku Molumbo. Nkhondo inawathamangitsira ku Muloza ali mnyamata, ndipo itatha anakhala zaka zambiri akukankha njinga ya matumba pamalire mpaka mawondo anakana. Sukulu anangoilawa. Chuma chawo chinali akazi awo, a Cacilda, ndi munda umene mayiwo anagawiridwa ndi makolo awo.

M'mundamo munkamera chimanga chimene panalibe wina anali nacho. Chinali cha makolo, cholimba posinja, ndipo chisononkho chilichonse chinkakhala ndi njere zakuda zofiirira. A Cacilda anachilandira kwa amayi awo, anathawa nacho nkhondo atachimanga pa nsonga ya nsalu, nabwerera nacho. Mudzi wonse unkangochitcha kuti cha Cacilda.

Mvula itayamba kudukiza chaka ndi chaka, kunabwera anthu ofufuza za mbewu ndi chimanga chatsopano, choyera mbuu, chopirira dzuwa. Ankafuna mlimi woti achichulukitse kuti midzi yozungulira ipeze mbewu. Gulu la alimi linasankha pulezidenti wake, a Edmundo, mlongo wawo wa a Cacilda, amene munda wawo unagundana ndi wa a Julião.

Pamsonkhano, mlangizi wina dzina lake Nércia anafotokoza momveka bwino.

"Chimanga chimakwatitsidwa ndi mphepo," anatero. "Fumbi la pa ngayaye likagwera pa ndevu za chimanga china, njere imene ibadwe pamenepo bambo wake ndi ngayayeyo. Ndiye pafupi ndi munda wa mbewu pasakhale chimanga cha mtundu wina. Tikapeza chasakanikirana, sitichitenga."

A Julião anamva mawuwo ndi kuwasunga, osadziwa kuti adzawagwiritsa ntchito yanji.

A Edmundo anapempha mlongo wawo kuti chaka chimenecho abzale nandolo yekha. A Cacilda anaseka. "Achimwene, chimanga cha amayi anu chisamuke chifukwa cha mlendo wadzana? Sunthani munda wanuwo." Anabzala monga mwa masiku onse, mbewu yonse imene anali nayo.

Chimanga chitafika m'chiuno, a Cacilda anadwala, nagonekedwa kuchipatala m'tauni. A Julião anakhala komweko akudwazika, ndipo anabwerera kumudzi ndi maliro. Mwambo utatha anapita kukaona munda. Anapeza mapesi onse ali lambalamba, odulidwa ndi chikwanje, atayamba kale kuwola.

Anawapeza a Edmundo akupala mpini pakhonde.

"Alamu, wagwetsa chimanga chija ndani?"

"Ndine. Chinatsala pang'ono kumasula. Kodi mbewu ya midzi yonseyi ionongeke chifukwa cha timizere tanuto?"

"Munachidula mlongo wanu akupumabe."

"Musalimbe mtima, alamu. Ndikakolola ndikupatsani thumba. Choyera, osati chamawanga ngati nkhanga chija."

A Julião anatembenuka n'kumapita. Thumbalo litabwera analibweza pa njinga yomweyo.

Atafika kunyumba tsiku limene anapeza mapesi ali pansi lija, anakwera pa mtondo nafufuza kudenga la khitchini. Pakati pa mwaye anapeza zisononkho ziwiri zimene a Cacilda anapachika kalekale n'kuziiwala. Padziko lonse chimanga cha Cacilda chinatsala chomwecho. Munthu wanzeru akanakachibzala kudimba, kutali, pa chinyontho, kuti chichuluke kaye. A Julião anadziwa zimenezi. Koma akatseka maso ankaona mapesi aja ali pansi, ndipo mtima unkawauza zina.

Chilimwe chonse anakhala akuyang'ana utsi wa anthu otentha mapesi, kuti adziwe kumene mphepo imalowera m'mawa. Inkachokera kumunda kwawo kupita kwa a Edmundo. Anakonza mizere kufupi ndi malire. A Edmundo atafunsa, iwo anati, "Chaka chino ndi mapira, alamu. Ndakalamba, ndikufuna thobwa."

Mapira anabzaladi, mothithikana, kuzungulira ngati mpanda. Pakati pake anaikamo njere zakuda zija. Podziwa kuti cha makolo chimachedwa kumasula kusiyana ndi chatsopanocho, anayamba kubzala mvula isanagwe, akuthirira ndi ndowa kuchokera kumtsinje. Sanabzale tsiku limodzi. Zina lero, zina patapita masiku, zina pambuyo pake, kuti pa nthawi imene cha a Edmundo chidzatulutse ndevu, ngayaye yothothoka fumbi isadzasowe. Njere yomaliza inalowa m'nthaka. Sanasungeko ndi imodzi yomwe.

Kenaka kunabwera ng'amba ija imene aliyense akuikumbukira. Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula. Dzuwa linaswa mtengo, masamba anapotana ngati fodya, ndipo mtsinje unatsala mchenga. Chimanga cha a Edmundo chinafota masana n'kudzuka m'mawa, chifukwa ofufuza aja sananame, chinali chopiriradi. Chinatulutsa ndevu pa nthawi yake.

Cha Cacilda nacho chinamasula. M'mawa uliwonse mame akangouma, a Julião ankalowa m'mapira muja, nagwira phesi lililonse ndi kuligwedeza pang'onopang'ono. Fumbi lachikasu linkanyamuka, mphepo n'kuliolotsa malire. Iwo ankaliperekeza ndi maso.

"Pita, mayi," ankanong'ona. "Kawaone achimwene ako."

Koma panali chinthu chimene ankachiona, osafuna kuchiganizira. Chimanga chawocho chinali ndi ngayaye, koma ndevu sizinkatuluka. Ludzu linazigwira m'kati. Pamene zinayamba kusuzumira, fumbi linali litatha kale, ngakhale la kwa a Edmundo. Pokolola anasenda phesi ndi phesi, napeza zisononkho zopanda kanthu, zoyera ngati mafupa. Anakhala pansi pakati pa mapira nthawi yaitali.

Tsiku loyendera mbewu, Nércia anabwera pa njinga yamoto ndi anzake. Anthu anasonkhana pamunda wa a Edmundo, ena atatenga kale timatumba, chifukwa m'dera lonselo munda umene unabereka unali womwewo. A Edmundo anavala jekete. Nércia anathyola chisononkho nachisenda. Pakati pa njere zoyera panali zakuda, apa ndi apo, zikuyang'ana ngati maso. Anasenda china, chimodzimodzi. Analowa m'kati mwa munda, natuluka nkhope itagwa.

"Apulezidenti, mbali yonse iyi yalowereredwa, ndipo sindingatsimikize za kwinako. Zakudazi tikuziona, koma pali zina zosakanikirana zosaoneka ndi maso. Ichi ndi chakudya tsopano, si mbewu."

Mayi wina anafuula, "Abale, si cha Cacilda icho? Wauka!" Ena anaseka, ena anapinda timatumba tawo mwakachetechete.

Zoona ziyenera kunenedwa. Mabanja amene ankadikira mbewu ija sanalakwire munthu, ndipo chaka chotsatira ambiri anabzala zotolatola za pamsika. Ofufuza anasamutsira ntchitoyo mudzi wina, gulu linasankha pulezidenti wina. A Julião ankadziwa kuti zidzatero, ndipo sanabwerere m'mbuyo.

Tsiku loyendera mbewu lomwe lija, a Edmundo analowa m'mapira muja, naona mapesi ouma a chimanga, nalunjika kwa a Julião.

"Mfiti iwe! Wandipha!"

"Alamu, samalani pakamwa. Phazi langa linapondapo m'munda mwanu? Chikwanje changa chinakhudzapo phesi lanu? Ndinabzala kwanga. Kasumireni mphepo."

Usiku ndi usana mawu amenewo ankawakomera a Julião. Koma kudenga la khitchini kunalibe kanthu. Chimanga cha Cacilda chinali chitatsala malo amodzi okha, m'zisononkho za mdani wawo, ndipo ngakhale mmenemo chinali theka chabe.

A Edmundo nawo anazindikira zimenezi. Tsiku lotonola anayala mphasa pabwalo, nauza a pabanja pawo kuti asankhe njere yakuda iliyonse ndi kuiika m'lichero. Kenaka anatumiza uthenga kuti alamu abwere. A Julião anabwera, naima kumapeto kwa bwalo.

"Ndamva kuti kwanu sikunatuluke kanthu," anatero a Edmundo. "Mlongo wanga uja ndi uyu m'licheromu. Mukumufuna?"

A Julião anangoyang'ana licherolo.

"Nenani pamaso pa anthuwa kuti munalakwa, mutenge."

"Yambani ndinu. Nenani za chikwanje."

A Edmundo ananyamula lichero, naitana nkhuku, namwaza njere zonse pafumbi.

Nkhuku zinathamanga kuchokera mbali zonse. Apo ndi pamene anthu anaona chinthu chimene amachikambabe. Mkulu uja, wa mawondo okana kupinda, anadzigwetsa pansi pakati pa nkhuku, akuzikankha ndi chigongono, akutola njere ndi kuziponya m'chipewa. Tambala anawajompha padzanja mpaka magazi. Ana anaseka, akuluakulu anayang'ana kumbali. Iwo sanadzutse mutu kufikira pansi patayera.

Atadzuka, m'chipewa munali njere zosadzaza ndi dzanja lomwe. Anasasa fumbi m'mawondo.

"Zimenezotu si za Cacilda," anatero a Edmundo. "Mayi wake ndi chimanga changa."

"Ndikudziwa. Ndidzasankha zakuda chaka ndi chaka mpaka chanucho chitatheramo."

"Mukabzale kutali ndi ine."

A Julião anafumbata chipewa chija pachifuwa.

"Theka ndikabzala kudimba, alamu. Ndaphunzira. Theka linalo mudzaliona pamalire pomwe paja."

Lero mukadutsa njira ya kumtsinje mudzawapeza. Tsitsi layera, ndowa akuinyamula movutika. Kudenga la khitchini kwawo kwapachikidwanso zisononkho zingapo zamawanga, zotuwirapo kusiyana ndi zakale. Ndi alamu awo salankhulana, ngakhale kutchalitchi amakhala mabenchi otalikirana. Ndipo chilimwe chikafika, munthu akayatsa mapesi, a Julião amaima ndi kuyang'ana kumene utsi ukulowera.