Mayi Amene Ankachedwa pa Nyale

Pampingo pathu tinkangowatchula kuti Mayi a Nyale, ndipo ine amene ndikulemba za moyo wawo ndine ndinawachotsa ntchito.

Anakula ali mwana wamasiye kwa azakhali awo, sukulu n'kulekezera panjira kuti azilera ana a eni nyumba. Atakula analowa ntchito pa kampani yoswetsa anapiye, kumene ine ndinali kapitawo. Ntchito yawo inali kuunika mazira pa nyale m'kachipinda kamdima, kuti opanda mwanapiye achotsedwe. Anzawo ankathamanga nayo ntchitoyi. Koma iwo akaona timitsempha tofiira ndi kadontho kakugunda mkati mwa dzira, ankaima kaye duu, n'kunong'ona kuti, "Ambuye, ndinu oopsa."

"Mayi, pano si patchalitchi," ndinkawakalipira.

"Pepani bambo. Koma mtima ukugunda m'chigoba chopanda khomo, ndingoudutsa osapereka ulemu?"

Abusa athu atamva nkhaniyi, anauza mayiwo kuti pa Chingerezi pali liwu limodzi lalifupi lonena zimenezi: mantha, kuzizwa ndi ulemu zitaphatikizana, monga zimachitikira munthu akaona ntchito ya Mulungu. Mayiwo anaseka. "Liwulo sungani ndinu, abusa. Ine miyendo imangondiuma."

Chaka chomwe amuna awo anamwalira, ndinawapatsa kalata yowachotsa ntchito chifukwa chochedwa pa nyale. Anali ndi ana anayi. Anawalera ndi ntchito yochapira anthu zovala, Loweruka lililonse n'kumakolopa m'tchalitchi, ndipo Lamlungu ankandipatsa moni wansangala. Moni umenewo unkandiwawa kuposa mwano, koma kunyada kunanditseka pakamwa zaka makumi awiri.

Nditamva kuti adwalika ndipo maso achita khungu, ndinapita. Mwana wawo wamkazi anandilowetsa kuchipinda, ine n'kugwada pambali pa bedi kupempha chikhululuko.

"Aa, akapitawo, dzukani, mawondo athuwa ndi akale," anatero. "Za kalata ndinaiwala kalekale. Chimene ndinkakupemphererani n'china. Mazira onse aja ankadutsa m'manja mwanu, inu osaonamo kanthu. Ndinkakumverani chisoni, bambo. Wosauka munali inu."

Anatisiya mwamtendere m'mawa mwake, ana awo akuwaimbira nyimbo. Pamaliro anthu ambiri ankalira mayi amene anapirira mavuto osadandaula. Ine ndinkalira chifukwa ananena zoona.